Phewa Losagonetsa Tulo: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Domwe

Aliyense amene anakulira m'tsinde mwa phiri la Domwe adziwa kuti moyo wa kuno umasenzedwa ndi mapewa. Pakuti khasu lolimira mizere ya chimanga ndi ya mbatata ya kachewere, munsi wa pamtondo, nkhwangwa, thumba lokwezedwa pa ngolo yopita ku Ulongwe, ngakhalenso mwana woponyedwa kumbuyo, zonsezi kulemera kwake kumathera pa mfundo imodzi yomweyo. Chifukwa chake munthu akapyola zaka 40 n'kuyamba kudzuka pakati pa usiku ndi phewa lobaya, mafunso amam'chulukira, ndipo popeza safunsa anadya phula, tasonkhanitsa pano amene amamveka kawirikawiri.

Kodi phewa lingapweteke bwanji miyezi yathunthu, ine osagwa, osamenyedwa?

Mwa mfundo zonse za m'thupi, phewa ndilo limayenda momasuka koposa, ndipo ufulu umenewu uli ndi mtengo wake. Mutu wa fupa la mkono sunalowe m'dzenje lakuya monga ulowera wa ntchafu, koma wangotsamira pa kambale kosaya, ndipo choupanikiza pamalo pake ndi minofu inayi yochokera ku fupa lakumbuyo, imene nsinga zake zimakulunga mutuwo. Imodzi mwa nsingazi imadutsa m'kampata kopapatiza pansi pa fupa la pamwamba pa phewa, pamodzi ndi kathumba ka madzi kofewetsa njira yake. Ndipo monga chingwe chotungira madzi chimanyotsoka ulusi umodziumodzi pokhulana ndi mlomo wa chitsime, osaduka tsiku limodzi, momwemonso nsinga imeneyi imafooka ndi zaka ndiponso ndi ntchito yokweza mkono mobwerezabwereza. Ululu wake sumveka pamfundo penipeni ayi, koma cha kunja kwa mkono, pafupi ndi pamene amabaya katemera. Umakula pokweza mkono kufika pa msinkhu wa phewa, povala malaya, pomanga mpango, ndipo makamaka pogonera mbali yomweyo. Ambiri mwa odandaula phewa vuto lawo ndi limeneli.

Anthu akuti ndi nyamakazi yobwera ndi chisanu, ena akuti pali dzanja la munthu. Zoona ndi ziti?

Chisanu cha Juni ndi Julayi m'dziko lokwera lino, limene phiri lake lipitirira mamita 2,000, chimaumitsadi minofu n'kukuza ululu umene unalipo kale, koma sindicho chimayambitsa nthendayi. Chimene chimaopsa anthu koposa, mpaka kuyamba kuloza chala abale awo, ndi nthenda ina yosiyana ndi yoyamba ija, ya phewa louma, imene dokotala wa ku Boston, Ernest Codman, anaifotokoza bwino mu 1934. Imadza yokha, popanda ngozi, makamaka kwa anthu a zaka 40 mpaka 60, kwa amayi koposa abambo, ndipo kwa odwala shuga koposa onse. Chikopa cha m'kati chokuta mfundo chimatupa, kenaka chimakhuthala n'kukhwinyata. Miyezi yoyamba ululu umakhala waukulu usana ndi usiku. Pambuyo pake ululu umayamba kuchepa koma mkono umakana kukwera, ndipo mayi amalephera kufikitsa dzanja kumsana pomanga nsalu. Potsiriza phewa limamasuka pang'onopang'ono, ndipo ulendo wonsewo umatenga chaka chimodzi mpaka zitatu. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: mnzanu akakukwezerani mkono inu mutaulekerera, wa nsinga zofooka umakwera ngakhale ukupweteka, koma wa phewa louma umaima pamalo amodzi ngakhale aukankhe wamphamvu. Ndikupemphani ndi mtima wonse kuti nthenda imene imadza yokha n'kuchokanso yokha isapasule chibale; ndipo aliyense amene phewa lake lauma chotere akayezetse shuga, chifukwa ena amazindikira nthenda ya shuga mwa njira imeneyi.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira mankhwala opaka?

Phewa likatupa, kutentha ndi kufiira, thupi lonse likutenthanso, m'mfundo mungakhale mafinya, ndipo mafinya amawononga mfundo m'masiku ochepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu wa miyezi wotsagana ndi kuonda, thukuta la usiku kapena chifuwa chosatha ungakhale chifuwa chachikulu, chimene chimagwiranso mafupa. Ululu wa phewa kapena mkono wamanzere wodza pamodzi ndi kubanika pamtima, thukuta ndi phuma, ungachokere ku mtima. Wa phewa lamanja wotsagana ndi kupweteka pansi pa nthiti ungachokere ku ndulu kapena chiwindi. Ndipo mayi amene wadumpha mwezi, n'kumva m'mimba kupota, chizungulire ndi ululu pansonga pa phewa, muthamangire naye kuchipatala usiku womwewo, pakuti mwina mimba yakhala panja pa chiberekero ndipo magazi akutayikira m'kati. Dzanzi lotsika mpaka ku zala kawirikawiri gwero lake ndi khosi. Ndipo amene wagwa pa njinga yamoto, pa ngolo, kapena ndi khunyu, n'kulephera kukweza mkono kuyambira tsiku lomwelo, asataye milungu akuthowa.

Kodi mankhwala opaka amathandizadi, kapena amangotenthetsa khungu?

Alipo a mitundu iwiri, ndipo n'kwabwino kuwasiyanitsa musanatulutse ndalama. Oyamba ndi onunkhira aja, okhala ndi menthol, camphor kapena methyl salicylate, onga Deep Heat, amene amaziziritsa kapena kutenthetsa khungu kotero kuti ubongo umatanganidwa ndi kuyabwa kwa pamwambako n'kuiwala kwa kanthawi ululu wa pansi. Ena otere amapangidwa ndi chimene chimawawitsa tsabola. Sachiritsa kanthu m'kati, koma ngati akugonetsani tulo, ntchito yawo aigwira. Achiwiri ndi okhala ndi mankhwala enieni ochepetsa kutupa, monga diclofenac kapena ibuprofen, amene amalowa pakhungu kufika ku minofu yapafupi, pamene olowa m'magazi amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi a piritsi. Ndicho chifukwa chake ali oyenera kwa agogo ndi kwa odwala zilonda za m'mimba. Kunena zoona, mphamvu yawo imaoneka bwino pa bondo ndi pa zala kusiyana ndi paphewa, chifukwa nsinga za phewa zabisala pansi pa mnofu wochindikala; koma pamene ululu uli pa kamfundo kapamwamba, pothera fupa la m'khosi, pomwe pamakhala mtengo kapena thumba munthu akapachika katundu, pamenepo amafika mosavuta. Pakani katatu kapena kanayi pa tsiku, pakhungu lopanda bala, musambe m'manja musananyamule mwana kapena kugwira m'maso, ndipo musafunditsepo nsalu yotentha, chifukwa khungu lingapse. Mayi woyembekezera ndi wodwala mphumu ayambe afunsa namwino. Milungu iwiri ikatha popanda kusintha, kuonjezera chubu china n'kutaya ndalama. Palafini, petulo ndi mafuta a mabuleki si mankhwala, amangosupula khungu.

Nanga kuthowa, kutikita ndi mphini za makolo athu?

Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda ndi nzeru yabwino, imene ngakhale achipatala amailangiza, makamaka m'mawa musanayambe kuyendetsa mkono; kutikita kofatsa kumamasula minofu ya m'khosi imene imakungika poteteza phewa. Chokhacho chokaniza ndi kukoka kapena kupotokola mkono mwamphamvu ati kubwezera fupa, pamene fupalo silinachoke. Za mphini ndinene mosabisa, ngakhale ndilemekeza akuluakulu amene anatilera nazo: mankhwala otemera sangafike pa nsinga, lezala loyenda pa anthu angapo limanyamula HIV ndi nthenda ya chiwindi, phulusa lothiridwa pabala lingadzetse kafumbata, ndipo khungu likakhala ndi mabala osapola dokotala sangabayepo jakisoni amene mwina akanakuthandizani.

Bwanji osangomwa bufeni kapena indosidi tsiku ndi tsiku?

Chifukwa walira mvula walira matope. Mapiritsi a mtundu umenewu, ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, amachepetsadi ululu, ndipo kuwamwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mutadya, pa nthawi imene phewa lakwiya, sikulakwa. Koma akamwedwa miyezi, monga achitira ambiri ogula m'timapepala pamsika, amaboola zilonda m'mimba, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo amatopetsa impso mwakachetechete, makamaka kwa munthu wolima padzuwa osamwa madzi okwanira. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene ali m'piritsi la tsiku ndi tsiku la anthu ambiri, achenjere koposa, popeza mankhwala awiriwa amalemetsa impso pamodzi. Kusakaniza mitundu iwiri sikuonjezera mpumulo, kumangoonjezera ngozi. Panado ndiye wofatsa: wamkulu angamwe mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi pa tsiku, ndipo wokonda kachasu kapena wodwala chiwindi achepetseko. Chimbudzi chikayamba kuda bii, lekani mapiritsi onse a kutupa n'kupita kuchipatala.

Jakisoni wa paphewa ndi wotani? Kodi si yemwe uja wa pathako?

Iyayi. Wa pathako, amene ambiri amamukhulupirira kuposa piritsi lililonse, kawirikawiri amakhala diclofenac yemweyo, amene mphamvu yake imatha m'maola owerengeka ndipo kuopsa kwake ku impso ndi m'mimba n'chimodzimodzi ndi kwa piritsi. Wa paphewa ndi mankhwala a fuko la cortisone, amene Philip Hench ndi anzake a ku Mayo Clinic anayamba kupatsa odwala nyamakazi mu 1948, nalandira mphotho ya Nobel mu 1950, ndipo pofika 1951 madokotala anali atayamba kubaya mankhwala otere m'mfundo mwenimweni. Lero amagwiritsa ntchito triamcinolone kapena methylprednisolone, osakaniza ndi lidocaine wochititsa dzanzi, ndipo singano imalowetsedwa m'kathumba ka pansi pa fupa lapamwamba, kapena m'kati mwa mfundo ngati ndi phewa louma. Dzanzi limadza m'mphindi zochepa n'kutha tsiku lomwelo. Usiku woyamba kapena wachiwiri phewa lingapweteke koposa kale, zimene siziyenera kukuopsani. Ndipo mpumulo weniweni umayamba patapita masiku angapo. Iyi ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira njira ya singanoyo, m'chipinda chaukhondo, atatsuka khungu bwinobwino. Wobaya wa m'mudzi kapena wa kuseri kwa golosale akalowetsa tizilombo m'mfundo, mkono ungalumale moyo wonse. Yambani pa chipatala chanu chaching'ono, kumene adzakupatsani kalata yopita nayo ku chipatala cha Ulongwe ngati kuli kofunika.

Kodi jakisoniyo amachiritsa? Ndipo munthu angabayidwe kangati?

Pano ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa palibe amene anawauza zoona poyamba. Jakisoni amazimitsa kutupa kwa milungu ingapo, mwina kufika miyezi iwiri kapena itatu, koma salumikiza nsinga yonyotsoka, ndipo salimbitsa mnofu wofooka. Ku Britain anayesa nkhaniyi pa anthu 708 odwala nsinga za phewa, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinaonetsa kuti obayidwa anapezako bwino pa milungu isanu ndi itatu yoyamba, koma chaka chitatha sanasiyane ndi osabayidwa. Phindu lake tsono lagona pa chimene munthu achita m'milungu ya mpumuloyo: amene aigwiritsa ntchito kugona tulo, kumasula ndi kulimbitsa phewa, amatuluka ali patsogolo, koma amene, pomva kuti ululu wachoka, m'mawa mwake atenga khasu n'kukamaliza ndime ya masiku atatu tsiku limodzi, amabwerera ali woipirapo. Mupumitse mkono ku ntchito yolemetsa pafupifupi sabata imodzi mutabayidwa. Kwa wa phewa louma jakisoni amathandiza kwambiri m'miyezi yoyamba ya ululu waukulu, ndipo m'zipatala zina amaonjezera madzi a mchere ochuluka kuti atambasule chikopa chokhwinyata chija. Madokotala ambiri sapitirira katatu pa chaka pa phewa limodzi, motalikitsa nthawi pakati pake, pakuti kubaya mobwerezabwereza kumafooketsa nsinga imene tikufuna kuisunga. Ndipo ngati woyamba ndi wachiwiri sanathandize, wachitatu sadzachita chozizwitsa. Pa khungu lakuda ngati lathu, pobayidwapo pangayere kapena kulowa m'kati pang'ono kwa miyezi, ndipo zimenezi si khate ayi. Koma phewa likatupa ndi kutentha patapita masiku awiri kapena atatu, thupi likunjenjemera, bwererani msanga.

Ndili ndi shuga. Mnzanga ali pa ma ARV. Kodi tingabayidwe?

Mungathe, koma nenani zonse poyera musanavule malaya, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Cortisone amakweza shuga kwa masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, choncho wa shuga wosakhazikika ayambe wamukhazika pansi, ndipo ayezetse m'masiku otsatira. Amene ali pa ma ARV a gulu lachiwiri, okhala ndi ritonavir, anene ndithu, chifukwa ritonavir amatsekereza triamcinolone m'thupi kwa nthawi yaitali, mpaka nkhope kutupa ndi thupi kufooka. Dokotala akadziwa amasankha njira ina. Woganiziridwa chifuwa chachikulu cha m'fupa kapena mafinya sabayidwa konse, popeza mankhwalawa amagonetsa chitetezo cha pamalopo. Womwa mankhwala osungunula magazi anenenso.

Kodi mkono wopweteka ndiupumitse, kapena ndizigwirabe nawo ntchito?

Kuukoleka pa nsalu milungu yambiri ndiyo njira yachidule yopezera phewa louma. Kuukakamiza monga kale ndiko kunyotsola nsinga. Njira ili pakati, ndipo imeneyi ndiyo mankhwala aakulu, amene opaka ndi obaya amangowakonzera malo. M'kafukufuku wa 2021 uja, anthu amene anaonana ndi wophunzitsa zolimbitsa thupi kamodzi kokha, n'kumakachita okha kunyumba, anachira mofanana ndi amene anabwerera kwa iye kangapo. Ndipo uwu ndi uthenga wabwino kwa ife okhala kutali ndi zipatala zazikulu. Mutathowa, weramani mutatsamira pa tebulo ndi dzanja labwino, mkono wodwala ulendewere, muuzunguze pang'onopang'ono. Imani moyang'ana khoma, zala zikwere khomalo mpaka pamene ululu wayamba kuluma, muime pang'ono, mutsike. Gonani chagada mutagwira mpini wopanda khasu ndi manja onse awiri, mkono wabwino ukwezere wodwala kumutu. Kolekani chingwe pa nthambi kapena pa mtanda wa denga, dzanja lina likoke linzake. Polimbitsa, chigongono chikhale m'nthiti, mukankhe mphuthu ya chitseko ndi kumbuyo kwa dzanja, muwerenge mpaka khumi, mubwereze kangapo. Ululu wopiririka umene umatha pofika m'mawa ndi wololedwa; umene ukusowetsani tulo ukunena kuti mwapyola muyeso. Chitani izi kawiri pa tsiku kwa miyezi itatu musanaweruze kuti zalephera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumunda, musakweze khasu kupyola mutu, gawani ndime, thumba lolemera mulinyamule awiri kapena muligawe pawiri, chimanga chipite ku chigayo m'malo mwa mtondo, ndipo usiku gonerani mbali yabwino mutakumbatira mtsamiro kapena bulangete lopinda.

Kodi opaleshoni siingathetse zonsezi kamodzi n'kamodzi?

Madokotala enieniwo anakhulupirira chomwecho kwa zaka zambiri, napala fupa la pamwamba pa phewa mwa anthu zikwizikwi kuti nsinga ipeze mpata. Koma pamene ku Britain anagawa odwala 313, ena n'kuwapala fupa, ena n'kungowalowetsa kamera osapala kanthu, ena osawachita opaleshoni konse, zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti magulu awiri oyambawo anachira mofanana; a ku Finland anapeza zomwezo chaka chomwecho. Pa phewa louma, kafukufuku wa anthu 503 wa mu 2020 anayerekeza jakisoni wotsatana ndi zolimbitsa thupi, kuwongola phewa munthu atagonekedwa, ndi kudula chikopa chokhwinyata, ndipo chaka chitatha panalibe njira imene inaposa zinzake moonekera, pamene ngozi zazikulu zinachuluka mwa odulidwa. Ngakhale chithunzi choonetsa nsinga yong'ambika sichilamula mpeni: m'mudzi wina wa kumapiri ku Japan, anthu 683 atayezedwa, phewa limodzi mwa asanu alionse linapezeka ndi nsinga yong'ambika, ndipo ambiri a iwo sanali kumva kanthu. X-ray imaonetsa mafupa okha. Nsinga zimaoneka ndi makina aja oyezera amayi oyembekezera, akakhala m'manja mwa wodziwa kuyeza phewa.

Tsono ndani ayenera opaleshoni, ndipo akonzekere motani?

Woyamba ndi amene nsinga yake yaduka mwadzidzidzi pa ngozi, makamaka akadali wa mphamvu zake, mkono n'kukana kukwera. Ameneyu asachedwetsedwe ndi majakisoni, chifukwa nsinga yoduka imabwerera m'mbuyo, mnofu wake n'kufota, ndipo miyezi ikapita kusoka kumavuta. Wachiwiri ndi wa phewa loguluka mobwerezabwereza. Wachitatu wa mafinya kapena fupa lothyoka moipa. Wachinayi ndi amene wayesa mokhulupirika zonse tanenazi kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, koma tulo ndi ntchito zikumukanabe. Dziko lathu la Mozambique linayamba mu 1984 kuphunzitsa akatswiri ochita opaleshoni m'zipatala za m'maboma, ndipo iwo apulumutsa amayi ndi ovulala osawerengeka. Koma kusoka nsinga za phewa ndi ntchito ya dokotala wa mafupa, ndipo njira yake imadzera ku chipatala chachikulu cha Tete, pa mtunda wopitirira makilomita 200 kuchokera ku Ulongwe, mwinanso mpaka ku Beira kapena Maputo. Amene amaolokera ku Malawi kudzera pa Dedza adziwe kuti ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital, kunatsegulidwa mu 2023 chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, ndipo ku Blantyre kuli Beit CURE chiyambire 2002, chimene ntchito yake yaikulu ndi ya ana. Muuzeni dokotala tsiku limene munabayidwa komaliza, popeza cortisone wa posachedwa amakuza ngozi ya mafinya ndipo amachedwetsa kupola, kotero kuti ambiri amadikira mpaka miyezi itatu. Wosuta fodya aleke, wa shuga amukhazike. Nsinga ikasokedwa, mkono umakhala m'chokolekera milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo khasu silibwerera m'manja isanathe miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi; chifukwa chake, ngati si ya changu, pemphani kuti ichitike mutangokolola, cha mu Meyi kapena Juni, ndipo musananyamuke banja likhale pansi ligwirizane amene adzatunga madzi, amene adzasamala dimba m'chilimwe, ndi amene adzalima mizere ya Okutobala.